Mapedulo a ku Maputo

Majaua, 6 Novembala 2023

Achimwene Sidónio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputoko. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa latiwamba. Bambo akupereka moni, ndipo akuti ndikuuzeni kuti ali bwino. Mawu amenewo ndi awo, ine ndangolemba.

Nkhani ndi ya njinga munawatumizira zaka ziwiri zapitazo, ya matayala onenepa ija mumati ndi ya m'mapiri. Njingayo ilibe vuto, koma mapedulo atha. Lakumanja linasweka mwezi watha, kwangotsala chitsulo chapakati, chosalala ngati chogwirira cha supuni. Lakumanzere likugwedera ndipo likulira njira yonse, moti agalu a pamudzi amadziwa kuti a Pascoal akubwera asanawaone.

Dzulo potsetserekera kumtsinje, akupita ku kapela ya pa Mpindula, phazi linatereka ndipo anagwera m'tchire. Anafika malaya ali mbuu, anthu atadikira mapemphero mpaka dzuwa pamutu. Mukudziwa kuti padiri amafikako kamodzi pa miyezi itatu, masabata ena onse wowatsogolera ndi bambo. Ndawauza kuti apume kaye. Andifunsa ngati ndipiteko ine kukalalika.

Ku msika wa ku Milange mapedulo alipo, koma a Hélio okonza njinga akuti amenewo ndi a pulasitiki yofewa, phiri la pa Mpindula sangalikwere kawiri. Ndiye inu amene mumagwira ntchito m'shopu ya njinga zoterezi, tipezereni olimba. Asakhale odula, thumba lanu ndikulidziwa. Mvula yayandikira, ndipo njira ija ikanyowa mumaidziwa nokha.

Kalatayi ndapatsira msuweni wathu a Felismina, amene akubwera kumeneko kudzagulitsa nyemba. Foni musadalire. Netiweki kuno timaipeza pachulu cha kuchigayo, ndipo pachulupo pamakhala mzere.

Ndine mlongo wanu,
Ilda


Maputo, 18 Novembala 2023

Ilda mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kuti muli moyo nonse. Kuno ndi ntchito yokhayokha. Koma ndakhumudwa nawe. Pedulo linasweka mwezi watha, iwe ukundiuza lero? Munthu wa zaka 68 akuponda pa chitsulo chapakati, inu nonse mukungoyang'ana?

Wati ndipeze olimba ngati kuti ndi nkhani yongotola. Mapedulo sagulidwa ngati tomato, ndikufotokozere. Pali ena okola nsapato, oti phazi limamangirika ku njinga. Amenewo ndi a anthu a mipikisano, bambo angafe nawo. Ife tikufuna afulati, ongopondapo basi. Mwa afulatiwo alipo a aluminiyamu, okongola zedi, koma mtengo wake ungagule mbuzi, ndipo akagunda mwala mtima umakupweteka. Amene ndikuwaganizira ndi a nailoni yolimba, otakata ngati chikhatho, okhala ndi timisomali tachitsulo pamwamba. Timisomalito timaluma pansi pa nsapato, phazi silitereka ngakhale m'matope a Januwale. Awa ndingakwanitse. Koma ngakhale a nailoniwo sali amodzi, ena maberingi ake ndi otsekeka, ena ndi otseguka ndipo amamwa madzi ukangowoloka mtsinje. Ndikagula mothamanga, pofika Pasaka udzakhala ukundilemberanso kalata yomweyi.

Tsopano undiyankhe izi. Chitsulo chatsalacho, a Hélio anachimenyapo ndi hamala? Ndimawadziwa madala aja, kwa iwo matenda alionse a njinga mankhwala ake ndi hamala. Ngati anawononga mazinga a pomangira pedulo, ndiye kuti ndiyenera kugulanso mkono wonse womangirapo pedulo. Chachiwiri, phazi la bambo ndi lalikulu bwanji? Unditumizire saizi ya nsapato zawo. Pedulo liyenera kulingana ndi phazi, likachepa munthu amatopa msanga.

Usawalole kukwera njingayo mpaka nditatumiza. Uwapatse moni, ndi onse a pamudzi.

Mlongo wako,
Sidónio


Majaua, 29 Novembala 2023

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa bwino. A Felismina atatsika m'minibasi ya chapa ndinathamanga kukawalandira, maso ali pa katundu, ndikufunafuna kapaketi kanga. Anandipatsa envelopu. Ndinaigwedeza, ndinaisuzumira, mulibe pedulo, muli mafunso okhaokha. Kodi achimwene, mukugula mapedulo kapena mukufunsira mbeta?

Mukuti ndisawalole kukwera. Bwerani mudzawaletse inuyo. Munthu amene nkhondo itatha anayenda wapansi kuchokera ku kampu ya ku Malawi atasenza chitseko pamutu, ndimuletse ine ndi pakamwa? Mvula yagwa kawiri. Lamlungu anapita, anagwanso, ulendo uno asupuka bondo. Akuti phazi limangochoka lokha pachitsulo, iwo osadziwa kuti lachoka nthawi yanji. Ine ndatopa ndi kuchapa malaya a matope komanso kuimirira pamsewu kudikira ngati abwere okha kapena atanyamulidwa.

Mayankho anu ndi awa. A Hélio hamala sanamenye, mazinga ali bwino, ndipo akuti ndikukumbutseni kuti iwo anayamba kukonza njinga inu mukuyamwa. Saizi ya nsapato bambo saidziwa, za ku kapela zija nambala inafufutika kalekale. Ndiye ndawapondetsa papepala n'kuzunguliza cholembera. Pepalalo ndi ili. Matope ali pamenepowo ndi a pakhomo pano, muwapatse moni, mwina mwawaiwala.

A Felismina adzafikanso kuno pa 15 Disembala. Akadzatsika ndi envelopu yokha, ine ndikagula a pulasitiki yofewa aja, ndipo makalata anu muzidzalembera amenewo.

Ilda


Maputo, 12 Disembala 2023

Ilda,

Mkamwa mwako mukadali moto monga kale. Ine ndili bwino, zikomo pofunsa, ngakhale sunafunse.

Katundu ndi uyu. Usayese ndinangokhala. Ndazungulira mashopu anayi Loweruka langa lopuma, ndawagwira ndi manja anga, ndawazunguliza pafupi ndi khutu kuti ndimve ngati maberingi akukhulana. Ena otsika mtengo kwambiri ndinawasiya chifukwa timisomali take ndi tapulasitiki, timatha mwezi umodzi. Ndasankha a nailoni akuda, timisomali khumi mbali iliyonse, maberingi otsekeka. Abwana anga atawaona anati pa mtengo umenewo palibe oposa. Ndinaika pedulo pa pepala lako lija, lakwana ndendende.

Tsopano mvetsetsa. Lolembedwa R ndi lakumanja, la L ndi lakumanzere, usafunefune D ndi E za Chipwitikizi cha kusukulu. Lakumanzere limamangidwa chobwerera, ukamalipotoza ngati ukumasula ndiye kuti likulowa. A Hélio akalikakamiza, mazinga atha. Apakepo girizi asanamange, ndipo iwe uime pomwepo uziona.

Ndaikamonso nsapato za pansi pafulati, za labala wofewa. Sizatsopano kwenikweni, kasitomala wina anazisiya atangovala kawiri, koma ndazichapa, zikuwala. Mapedulowa ndi nsapatozi zimayendera limodzi. Azivala akamakwera.

Pa Natale, Khirisimasi ikubwerayi, sindibwera, nthawi imeneyi shopu imadzaza. Uwauze bambo kuti phiri la pa Mpindula alikwera ngati mnyamata. Ndipo iwe, ukaona kuti ndasankha bwino, sizoletsedwa kunena.

Sidónio


Majaua, 27 Disembala 2023

Achimwene,

Lero ndilibe chokukalipirani, ndipo ndikusowa poyambira. Tili bwino, ndikhulupirira inunso mwadya Natale bwino.

Katundu anafika. A Hélio anamanga okha, ndipo za lakumanzere anazidziwa ine ndisanatsegule pakamwa. Tsiku la Natale bambo anakwera phiri la pa Mpindula osatsika ngakhale kamodzi, koyamba chaka chino. Akuti phazi likaponda limakhala pomwepo ngati lamera mizu. Aliyense wodutsa pakhomo akuitanidwa kudzaona mapedulo a ku Maputo, ngakhale amene akuthamangira kuchigayo.

Nsapato ndiye musanene. Amazipukuta tsiku lililonse, ndipo ku kapela anthu ankayang'ana kumapazi m'malo momvera ulaliki. Akuti chibadwire sanavalepo zofewa chotero. Akuthokoza kwambiri, akuti Mulungu awonjezere pamene mwachotsa.

Pronto, basi, ndanena, mwasankha bwino. Musazolowere.

Chimanga chamera bwino, nyemba nazo zikulonjeza. Za feteleza sindikupempha, ndangotchula.

Ilda


Maputo, 9 Januwale 2024

Ilda,

Chaka chabwino kwa nonse. Kalata yako ndaisunga, chifukwa mawu oti "mwasankha bwino" ochokera kwa iwe sadzabweranso. Ndinawerengera anzanga m'shopu za bambo kukwera phiri osatsika, sanakhulupirire kuti ndi munthu wa zaka 68. Ukapita pachulu unditumizire chithunzi chawo ali panjinga, ndiwatseke pakamwa.

Pakatha mwezi, uone ngati timisomali tina tamasuka. Kachitsulo komangira ndinakakulunga m'kapepala pamodzi ndi mapedulo, ndikhulupirira sunataye. Za feteleza ndamva kutchula kwako, tiona kumapeto a mwezi.

Sidónio


Milange, 24 Januwale 2024

Achimwene,

Ndikulemba ndili pabenchi ya chipatala. Moni wake ndi ameneyo. Bambo agonekedwa kuyambira Lachisanu, phazi lakumanzere latupa mpaka m'kakolo ndipo likununkha. Kuno netiweki ilipo, ndikanaimba, koma ndikudziwa kuti ndikamva mawu anu ndingotukwana kapena kulira. Ndiye ndalemba.

Zinandidziwitsa ndi ntchentche. Bambo anakhala pakhonde akusenda chinangwa, ntchentche zikungozungulira phazi limodzi. Nditawakakamiza kulitukula, ndinaona timabowo m'mizere, mbali iyi ndi iyi, ndendende mmene takhalira timisomali tanu. Kuphazi lakumanja tinauma. Kumanzere, tiwiri ta pansi pa zala tinalumikizana n'kukhala chilonda chakuya, choti chala changa chikanalowamo. Ndinafunsa ngati sichikupweteka. Anati ayi, sakumva kanthu.

Tsopano ndinene chimene ndinabisa. Mu Ogasiti bambo anawapeza ndi matenda a shuga. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, ati mungasiye ntchito n'kubwera kudzawalondera. Adokotala akuti shugayo ndi amene wapha mapazi, samva minga kapena moto, ndipo chilonda pa munthu wotere sichipola msanga. Akuti ayesa mankhwala. Zikakanika adula, ndipo sanandiuze kuti adulira pati.

Mudzati nanga nsapato. Nsapato amavala, inde, pakhomo la kapela. Njira yonse zimalendewera pa mahandulo, zingwe atazimanga pamodzi, iwo akupalasa ndi mapazi. Akafika amatsuka mapazi pa mjigo, kenako n'kuvala. Mawu anu aja ndinawawerengera kawiri. Anaseka, nati, "Ndani angaponde matope ndi nsapato zotere?" Ine sindinalimbikire, chifukwa ndani kuno sachita choncho? Timisomalito ndinatikhudza ndi chala, ndinaona kuti n'takuthwa, koma ndinati mapazi a bambo ndi chikopa cha ng'ombe.

Koma inu achimwene, munakulira m'nyumba yomweyi. Munawaonapo liti bambo akupalasa njinga atavala nsapato? Mashopu anayi munazungulira. Mafunso munafunsa, a mazinga, a hamala, a saizi. Funso limodzi lokha, loti kodi amaponda ndi chiyani, silinakubwerereni? Ndakwiya, ndipo sindikudziwa ngati ndakwiyira inu, iwo kapena ine ndemwe.

Ilda


Maputo, 3 Febuluwale 2024

Ilda,

Kalata yako yandipeza mochedwa, a Felismina anachedwa ndi msewu. Ndaimba foni kosawerengeka, ikulowa koma sukuyankha.

Miyezi isanu! Miyezi isanu ukudziwa za shuga, ine n'kumalandira makalata oti bambo ali bwino. Ukanalemba mzere umodzi wokha, timisomali sindikanatiyang'ana n'komwe. Ndinalemba kuti azivala nsapato, ndinalemba ndi dzanja langali, ndipo iwe unandiyankha kuti akuzipukuta tsiku lililonse. Ndikanadziwa bwanji kuti akupukuta zinthu zokongoletsera mahandulo? Undiuze chimene ndinalakwa.

Zili pamwambazo ndinalemba dzulo. Ndazisiya kuti uone mmene ndinalili. Lero m'mawa ndinavula nsapato m'shopu n'kuponda pa pedulo lofanana ndi lija. Sindinathe ngakhale kuimirira. Anzanga ankaseka, ine misozi ikutsika, iwo n'kumayesa ndi ululu wa kuphazi.

Ukunena zoona. Chibadwire sindinawaonepo akupalasa ndi nsapato. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikugulitsa mapedulo kwa anthu amene ali ndi nsapato za njinga, za mpira ndi za ukwati, ndipo bambo anga ndinawasankhira ngati mmodzi wa iwowo. Ndili ndi manyazi, ndipo ndikuopa.

Uwauze a Hélio achotse mapedulowo lero lomwe, uwaponye m'chimbudzi. Ndapeza ena a labala, osalala, opanda kamsomali ngakhale kamodzi. M'matope amatereka koma salasa. Palinso a nailoni okhala ndi timapiri tobuntha m'malo mwa timisomali, kungoti maberingi ake sindikuwakhulupirira, ndiye mwina ndidikire amene akubwera sabata ya mawa. Ayi, ndayambanso. Zisiye zimenezo. Ungondiuza za phazi. Adokotala anena chiyani? Akudya? Akundinena?

Abwana akuti tchuthi ndingachipeze pa Pasaka, osati pano. Yankha foni, Ilda, ngakhale ungonditukwana.

Sidónio


Majaua, 2 Malichi 2024

Mwana wanga Sidónio,

Mtendere wa Ambuye ukhale nawe. Ndine bambo ako. Ndalemba ndekha chifukwa mlongo wako akalemba amathira tsabola wambiri. Tinatuluka m'chipatala Lachiwiri. Adula zala zitatu za kumanzere ndi kachigawo ka phazi kumbuyo kwake. Chidendene andisiyira. Ndikuyenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kufika pa mtengo wa mapeyala, kenako n'kubwerera.

Ndamva kuti awirinu mukuponyerana mlandu, wina akautola n'kuuponyanso. Lekani. Magazi ndinawaona Lamlungu loyamba, pa mjigo wa ku kapela, madzi atafiira. Mapazi anafa koma maso ndili nawo. Chimene chandilasa ndinachidziwanso.

Ufuna kudziwa chifukwa chake sindinaleke. Chaka chonse chathachi phazi linkandithawa. Ndinkapalasa, kenako n'kuona njinga yaima, kuyang'ana pansi phazi lili m'malere, ine osadziwa. Phiri lonse ndinkakankha, ndipo ndinali nditayamba kukonza mawu okauza padiri kuti apeze wina. Ndiye anabwera mapedulo ako n'kundigwira mapazi. Masabata anayi ndinafika pa Mpindula ndili pachishalo, nthawi yabwino, anthu asanayambe kubalalika. Ndinatsogolera Natale. Ndinaika maliro a mai Armanda, amene tinali nawo ku kampu, ndipo sanandidikire mpaka madzulo monga ankachitira ena. Ndinaganiza kuti timabowo tipola tokha monga zilonda zanga zonse zakale, ndipo pamenepo ndiye ndinapusa. Za nsapato, ndinkaopa kuti matope azitha mwezi umodzi, iwe ulibe pozitola zina. Za shuga, wobisa ndine, Ilda anangomvera bambo ake. Unasankha bwino, mwana wanga, kungoti phazi linali litatha kale.

Mapedulo sanaponyedwe m'chimbudzi, sindingataye chinthu chabwino. A Hélio awamasula, ndipo ndawapereka kwa aphunzitsi a pasukulu, amene amapalasa ndi nsapato.

Adokotala anena mosabisa kuti kupalasa kwanga kwatha. M'chipatala ndinawatsutsa. Dzulo Ilda ali kudimba ndinayesa kukweza mwendo panjinga, ndipo ndavomera. Zandiwawa kuposa mpeni wawo.

Komabe anthu a pa Mpindula akhala masabata asanu ndi limodzi opanda wowawerengera Mawu. Ilda wanena kuti chilonda chikauma azindikweza pakaliyala Lamlungu lililonse, pokwera phiri azikankha ine ndili pomwepo. Wanena mokalipa, koma wanena. Njinga ili pakhonde, yopanda mapedulo.

Ndiye ntchito yako ija iyambirenso. Usankhe ena, otsika mtengo, koma ulendo uno ndi a Ilda. Amapalasa ndi patapata, mvula ikagwa amavula n'kupalasa ndi mapazi, ndipo sangasinthe chifukwa cha kalata. Usachedwe, ndikufuna Pasaka andipeze pa Mpindula. Za phazi langa usavutike nazonso. Ine tsopano ndine katundu wa pakaliyala.

Bambo ako,
Pascoal